Usabwere pa Njinga

4 Malichi

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi kwa alamu. Kuno tilipo, ngati kudzuka ndi kuyenda ndiye kukhalapo. Ndalemba kalata chifukwa pa foni umandithawa. Ndikangoyamba kukweza mawu, iwe "achemwali, ndili pamsewu," basi wadula. Pepala ulibe polidulira. Zilembo zangazi usaziseke, ndinaziphunzira ndekha pamapepala odulira madiresi pamene inu munkapita kusukulu.

Kwa anyamata ako a kabaza ndiwe abusa. Kwa ine ndiwe mwana amene ndinkamupukuta mamina, ndiye tchera khutu. Zimene unachita sabata yatha zatisiyira matenda m'nyumba muno.

Amayi anali pakhonde, akundimasulira ulusi umene unapotana. Ataona njinga yako ikutsika kuchokera ku tala anaimirira, ulusi pansi, amvekere, "Mwana wanga uyo!" Iwe osaima. Unadutsa pageti pathu ngati pa anthu achilendo, helemeti ina utaikoleka pamkono, n'kukaima pakhomo pa akalipentala. Mkuwe umene anakuwa mkazi wa akalipentala sunachokebe m'makutu mwanga. Mawa lake anyamata ako anabwera ndi thupi la mwana wawo wakabaza: njinga m'mizere iwiri, nyali zoyaka dzuwa likuswa mtengo, mahutala, kuyenda pang'onopang'ono ngati akukoka mwala.

Inde, unabwera kudzatilonjera utachoka kwa akalipentala. Unapeza Amayi atadzitsekera kuchipinda, ine n'kukuuza kuti mutu ukuwapweteka. Sunali mutu. Amayi si mwana, anaganiza okha. Mzime wathu nayenso ndi wakabaza, siteji yomweyo, msewu womwewo. Wonyamula mahelemeti a akufa kupita nawo kwa amayi awo ndiwe. Ndiye tsiku lina njinga imeneyo idzaima pageti pano.

Mawu awo ndi awa, sindikuwonjezera mchere: "Muuzeni Mbusa asabwere. Akapanda kubwera, ndiye kuti Mzime ali moyo."

Tsopano tsiku lonse amakhala khutu kumsewu. Ine ndikawaitana samva, koma injini ikalira kutali amasiya kutafuna. Ndinasiya kupalasa makina osokera masana onse a Lachiwiri chifukwa akuti phokoso lake likuwatsekera msewu.

Sindikupempha kanthu. Ndiuze za Mzime, ndipo umuuze alembe ndi dzanja lake. Pa foni Amayi akuti mawu akhoza kukhala a munthu aliyense.

Ndine mchemwali wako.

19 Malichi

Achemwali anga,

Mtendere ukhale nanu, inu ndi Amayi. Alamu anu akupereka moni. Mzime ali bwino, ndamuona m'mawa uno akukangana ndi kasitomala wa nkhuku.

Kalata yanu ndinaiwerengera kuseri kwa shedi ya wokonza matayala, komwe timapempherera. Simunaname paliponse. Koma ndiloleni ndifotokoze chifukwa chimene sindinaimire pageti.

Mukudziwa kuti ndinali ndi tchalitchi cha mabenchi ndi guwa lopaka vanishi. Tsiku lina ndikuchokera kumeneko ndinapeza wakabaza atagona pamsewu, atamufunditsa katoni. Anthu atamuzinga, aliyense foni m'mwamba, akujambula. Mkazi wake anadziwira pa chithunzi, ali pamsika, mnzake wogulitsa naye atamuonetsa kuti taona ngozi iyi. Anazindikira nsapato. Tsiku limenelo ndinalonjeza kuti mayi kapena mkazi wa mnyamata wa njinga azimva kuchokera pakamwa pa munthu, munthuyo ataima pomwepo kuti amugwire akamagwa. Ndiye ndikanyamuka ndimakhala ndikupikisana ndi mafoni. Ndikanaima pageti kumwa madzi, mkazi wa akalipentala akanamva kwa mwana wodutsa.

Guwa langa tsopano ndi matayala awiri osanjikiza. Ulaliki wanga umatha pamene kasitomala wakweza dzanja, nthawi zina ndisanamalize ndi vesi lomwe. Anyamatawa matchalitchi ambiri sawafuna, akuti ndi akuba, onunkha petulo, osavula zipewa. Koma muwaone akagwada pafumbi m'mawa, aliyense dzanja pa thanki ya njinga yake.

Helemeti ndimayamba ndaitsuka pampopi ndisanapite nayo. Magazi amachoka. Fungo la mutu wa munthu silichoka, ndipo amayi amalidziwa. Amalowetsa nkhope m'katimo.

Ndikuuzani chinthu chimene sindinauze ngakhale alamu anu. Injini iliyonse ili ndi mawu ake, ndipo ndimazidziwa zonse. Ya mwana wa akalipentala inkatsokomola akalowetsa giya yachiwiri. Ndikatseka maso popemphera ndimaimva ikubwera kudzaima kumbuyo kwa anzake. Si yokhayo. Ndimatalikitsa pemphero dala, kuopa kutsegula maso n'kupeza palibe, kapena n'kupeza alipo.

Ndimvera Amayi, sindibwera. Koma muwauze kuti ndisanakhale wonyamula mahelemeti ndinali mwana wawo. Tsiku limene adzandifune, mundiuze.

Mlongo wanu.

2 Epulo

Achemwali,

Ndine Mzime, wamoyo, wathunthu, miyendo iwiri, mano onse kupatula lija munandigulula ndi chitseko. Awerengereni Amayi mokweza. Ndanenepa moti jekete ikukana zipi.

Amayi asade nkhawa, ine ndimayendetsa ngati nkhalamba. Anzanga amanditcha Hedimasitala. Kubwera ndikufuna, koma njinga si yanga, mwini wake akangomva kuti yatuluka m'tauni amadwala.

Koma nkhani ya achimwene ikundimvetsa chisoni. Si Amayi okha. Akazi a anzathu kuno amawatcha Kadzidzi. Tsiku lina anaima kuti agule tomato, mayi wogulitsayo mwamuna wake ndi wa pa siteji pathu, anangoti beseni pansi, manja kumutu. Achimwene anayamba kutola tomato m'ngalande uku akuti, "Mayi, ndangofuna wa ndiwo." Tinaseka, koma iwo sanaseke. Masiku ano akafuna kucheza kwa munthu amaimika njinga patali n'kuyamba kukuwa ali kumsewu, "Kulibe kanthu! Ndi moni chabe!"

Ife timawakonda, achemwali. Ndani wina amene angakutole pamsewu, kukusambitsa, kukakusiya kwanu? Tcheya wathu amati abusa akadzafuna chinthu, ngakhale njinga zathu zonse, tidzapereka.

Diresi la Amayi lija munamaliza? Ine malaya anga a kolala yothina aja ndikudikirabe, telala wake ndi waukali.

Mzime.

11 Ogasiti

Mlongo wanga,

Moni. Sindinalembe nthawi yonseyi chifukwa panalibe chatsopano, ndipo ine sindilemba za nyengo.

Amayi anagwa kubafa. Adokotala akuti ndi kuthamanga kwa magazi, mwendo wamanzere ukukoka, mtima nawo watopa. Anandiitanira pambali n'kuyamba kuzungulira, ine ndinati bambo nenani, ndine wamkulu. Akuti amene akufuna kuwaona asachedwe.

Dzulo ndikuwapesa anandifunsa kuti, "Kodi Mbusa amadya? Anali woonda tsiku lija." Ndinati mukumufuna? Ndinawapesa mpaka kumaliza mutu wonse. Kenako anati, "Abwere ndi mng'ono wake. Ndiwaone onse awiri pamodzi, ataimirira."

Ndiye tsiku lako lija lakwana. Koma umve bwino, ndipo usandiyankhe ndi vesi.

Usabwere pa njinga. Ukwere basi ngati anthu ena onse. Utsike pamphambano, uyende wapansi. Kolala ya ubusa usiye, jekete yako yowala ija usiye. M'manja musakhale kanthu, ngakhale jumbo ya buledi, chifukwa chinthu chozungulira chili chonse maso awo adzachiona molakwika. Mzime akhale patsogolo, iwe pambuyo, kuti ayambe kuona iyeyo. Mwini njinga akavuta umuuze kuti ndine ndanena, abwere adzakangane ndi ine.

Loweruka likubwerali. Ndiwasambitsa m'mawa, ndiwakhazika pakhonde.

Mchemwali wako.

13 Ogasiti

Achemwali anga,

Ndalandira, ndipo ndalira ngati mwana pamaso pa wokonza matayala. Zonse mwanenazi ndichita. Basi ya m'mawa, wapansi kuchokera pamphambano, manja opanda kanthu, Mzime patsogolo.

Ndawauza anyamata pa mapemphero kuti Loweruka sindidzakhalapo, ndikukaona amayi anga amene anandiitana patapita nthawi. Anaomba m'manja, ena kuimba malikhweru. Tcheya anandikumbatira mpaka nthiti kuwawa. Sindinadziwe kuti nkhani yanga ankaidziwa, ndi kuti inkawapweteka chonchi.

Auzeni Amayi kuti ndikudya.

Mlongo wanu.

18 Ogasiti

Alamu,

Moni. Ndikulembera inu chifukwa amuna anu sabwera msanga, ndipo pa foni akungoti "zili bwino," pamene sizili bwino. Ine ndikuuzani monga zinachitikira.

Loweruka atafika kokwerera basi anapeza siteji yonse ikuwadikira, ndi ena a masiteji ena. Tcheya wawo, chimunthu chija cha mawu ngati ng'oma, akuti, "Abusa amene amatiperekeza tonse, lero akwere basi ngati alibe abale?" Mwini njinga ya Mzime anali atamunyengerera kale. Amuna anu anakana, anakana, kenako anagonja, paja kukana chikondi sadziwa. Anapangana kuti akawasiya pamphambano. Anawakweza kumbuyo kwa Mzime, n'kuwaveka helemeti.

Alamu, anthu amenewa tsiku lililonse amayenda aliyense payekha, kulandana makasitomala. Kuyenda pamodzi anaphunzirira pamaliro basi. Njira ina saidziwa. Popanda wowauza anapezeka ali m'mizere iwiri. Wina anayatsa nyali, onse anayatsa. Pofika pamphambano panalibe wofuna kuyamba kuima, anangokhotera kwathu, kutsika pang'onopang'ono chifukwa cha mabampu. Wina anagunda hutala, onse anagunda. Amuna anu akumenya Mzime kumsana kuti aime, koma akanaima bwanji, matayala a anzake ali pa chidendene? Anayamba kukupiza manja m'mwamba kuti zimitsani, zimitsani. A kumbuyo anayesa akuwadalitsa. Anawonjezera mahutala.

Amayi ndinali nditawaveka diresi latsopano, ali pampando pakhonde. Anamva ine ndisanamve. Anangoti, "Abwera naye." Osakuwa, osalira. Anaimirira ndi mwendo womwe uja wakhala ukukana, n'kukonza mpango kumutu.

Amuna anu anadumpha njinga isanaime n'komwe, kuthamangira pageti. Ndipo poti ndi munthu waulemu, sangaonekere kwa amayi ake mutu uli m'chigoba. Anavula helemeti. Analowa pageti ili m'manja.

Ndinakuwa kuti taya icho! Mochedwa. Amayi anali atatambasula kale manja awiri. Anailandira, kuikumbatira pachifuwa, n'kunena mwaulemu ngati kwa mlendo, "Zikomo abusa. Mwachita bwino kubwera nokha."

Mzime anabwera akuthamanga, "Amayi, ndine! Ndili pano, onani!" Anagwada, kuwagwira mawondo. Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, motsitsa mawu, "Iwe, wafulumira bwanji kudzandionekera? Sanakuike n'komwe. Pita ukagone, mwanawe."

Za Tcheya musandifunse. Ndinatuluka ndi sizasi m'manja ndipo zimene ndinanena sizilembedwa kwa mkazi wa abusa. Chimunthu chonse chija chinagwada pafumbi chikulira, chikuti timafuna amayi aone kuti mwana wawo ali ndi anthu. Ndinasowa pomubaya. Ukamenya munthu woipa mtima umatsika. Nanga awa?

Tayesa zonse. Ndawagwiritsa nkhope ya Mzime, ndamudyetsa pamaso pawo kuti aone kuti akumeza. Akuti akufa amatero akakhala kuti sanakhazikike. Adokotala akuti china chake chinaduka m'mutu, tisawakakamize.

Tumizani zovala za amuna anu pa basi. Anabwera ndi zomwe anavala.

Mlamu wanu.

27 Ogasiti

Mkazi wanga,

Moni, ndipo zikomo chifukwa cha zovala. Pepa kuti pa foni ndimasowa mawu.

Chimene ndinkapempha ndapatsidwa, koma sindinapemphe chotere. Amayi sandiopanso. Chimene ankaopa akuti chachitika kale, ndiye akundifuna pafupi tsiku lonse. Ndimakhala pampando pambali pa bedi, ndimawamwetsa mankhwala, amandigwira dzanja. Koma amanditcha abusa. "Abusa, mwapuma? Abusa, kwanu ndi kutali?" Helemeti yanga ili pa pilo pawo. Amainunkhiza n'kumati ndi mutu wa Mzime.

Mzime akugona kwa akalipentala, m'chipinda cha malemu mwana wawo, poti akalowa muno Amayi amanjenjemera, chakudya osachikhudza. Amayi akuti Mzime akuyendayenda chifukwa palibe anamupempherera. Ayamba kukana kudya mpaka mwana wawo atagonekedwa. Dzulo anandigwira malaya, akuti, "Ana a eni mumawaika bwinobwino. Wangayu walakwa chiyani?"

Akufuna ndinene mawu oika maliro pa dzina la mng'ono wanga.

Sindingathe. Sindinanamepo ndi pemphero. Ndipo ndikuuze zoona, si bodza lokha limene ndikuopa. Mawu amenewo ndawanena kambiri, ndikudziwa kulemera kwake, ndipo onse amene ndinawanenera sanabwerere. Mzime abwerera pamsewu womwewo. Ndikawanena lero, tsiku lina ndikadzamupeza atafunditsidwa katoni, ndidzati ndani anayamba?

M'mawa uno ndinatseka maso kuti ndipemphere, ndipo pakati pa injini za anyamata akufa zimene ndimamva popemphera, zomwe sindinakuuzepo, ndinamva ya Mzime. Ndinathamangira panja. Njinga yake ili duu pansi pa mtengo kwa akalipentala, iye akutsuka mano.

Undipempherere. Auze anyamata kuti sindinawakwiyire.

Mwamuna wako.

3 Seputembala

Alamu,

Moni. Amayi adya. Ndayamba ndi zimenezo kuti mtima ukhale pansi, zotsalazo muwerenge mutakhala.

Anafika poti madzi okha, milomo kuuma, maso kulowa. Lolemba Mzime anabwera kuseri, pawindo la chipinda chosokera, poti pakhomo salowa. Nthabwala zonse zija zinali zitamuthera. Akuti, "Achemwali, auzeni achimwene apemphere. Ine ndi wamoyo, mawu sangandiphe. Amayi njala iwapha."

Ndinapita kwa amuna anu. Mukundidziwa alamu, ine bodza ndimadana nalo kuposa ngongole, ndinatayapo makasitomala chifukwa chowauza kuti nsalu yawo ndi yonyansa. Koma ndinaima pamaso pa mbusa n'kumuuza kuti nama. Anati achemwali simukudziwa chimene mukupempha. Ndinati ndikudziwa, ndikupempha kuti mayi ako ameze phala, chilungamo chako udzadye wekha pamaliro awo. Tinakangana mpaka akalipentala anasuzumira pampanda. Womaliza anali Mzime, ali pawindo pomwepo: "Achimwene, anzanga onse munawaperekeza iwo osamva. Ine mwayi wanga, ndimva."

Lachiwiri m'mawa ndinatsegula windo la kuchipinda kwa Amayi pang'ono. Mzime anakhala pansi kunja, msana kukhoma. Amayi ndinawatsamiritsa pamapilo, helemeti pamiyendo. Amuna anu anaimirira kumiyendo kwa bedi.

Anayamba ndi kunena za moyo wake, monga amachitira. Za mwana amene anabadwa Amayi atataya kale chiyembekezo, wosamva, wokonda kuseka, amene sanasiyepo mnzake pamsewu. Amayi akungogwedeza mutu, "Eya, ndi yemweyo." Kenako anafika pa mawu aja. Anaima. Ndinamuyang'ana ndi diso limene amalidziwa kuyambira ali mwana. Anawanena onse, ndi dzina lomwe, osadumpha. Amayi anati ameni. Ine ndinati ameni. Ndipo kunja kwa windo ndinamva ameni wachitatu, wotsika. Amayi anamumvanso. Anamwetulira, akuti, "Wavomera. Wapita tsopano."

Anapempha phala, anamaliza mbale. Atapukuta pakamwa anayang'ana amuna anu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Iwe, wawonda chonchi bwanji? Mkazi wako sakukupatsa chakudya? Khala apa." Musakwiye alamu, ndangolemba monga ananenera. Amuna anu, mwana wa Amayi, anakhala pabedi, n'kuika mutu pamapewa awo. Ine ndinatuluka, zinthu zotere sindizitha.

Mzime sangaonekenso pamaso pawo, mwina mpaka kalekale. Akudziwa. Anadikira Amayi agone tulo ta masana, anawasuzumira pawindo kanthawi, kenako anakatenga njinga kwa akalipentala. Sanailize. Anaikankha ndi manja chitunda chonse mpaka ku tala, thukuta kamukamu, ine pambali nditanyamula malaya ake amene ndinamusokera. Pamphambano anandiuza kuti bwererani, Amayi angadzuke, ine ndikankhabe pang'ono, mphepo ikupita kwathu. Ndinaima n'kumamuyang'ana akukankha m'mbali mwa msewu mpaka anakhota. Ndinadikira kuti ndimve akuliza. Sindinamve kanthu.

Amuna anu akhala kuno mpaka Amayi atawamasula. Koma Mzime akafika kumeneko, muyitaneni kunyumba. Mumuyang'ane bwinobwino dzuwa likuwala, mumugwire dzanja, ndipo mundiuze ngati ndi lofunda.

Mlamu wanu.